Nkhope za m'matini a bisiketi

Munthu amene anandilakwira ndi Jafali, mwana wa malemu ba Twaibu a ku Matero. Anagulitsa manegetivu onse a situdiyo ya atate ake kwa munthu wofuna siliva, pa sikelo ngati kapenta, atandilonjeza kuti sadzatero, ndipo mkati mwake munali nkhope ya amayi anu. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa iwe Aroni ndi iwe Naomi mwakula mukuchita manyazi anzanu akakufunsani kuti zimatheka bwanji mwana wa wojambula zithunzi kusowa chithunzi cha amake. Pano ndapuma pa ntchito, maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndati ndilembe zonse, ndi mbali yanga yomwe, pakuti nanenso sindine woyera m'nkhaniyi.

Matero, 1983

Sukulu ndinasiyira mu Giredi 7 nditaswa mpando pamsana pa mnyamata amene ananyoza nsapato zanga. Amalume anga, omwe ankanyamula matumba pa msika, anatopa ndi kupepesa makolo a anthu, ndipo tsiku lina anandigwira pamkono mpaka pa situdiyo ya ba Twaibu. Mdalayu anali Msilamu, makolo ake anachokera ku Malawi, ndipo ankalankhula Chichewa chakwawo pang'onopang'ono ngati akuyeza mawu pa supuni. Amalume sanabise kanthu. "Ba mudala, uyu mwana ni wankhonya maningi. Ngati simumufuna nenani chabe." Ba Twaibu anandiyang'ana m'manja, osati kumaso. "Waukali ndiye woyenera m'chipinda chamdima," anatero. "Mulibe womumenya mmenemo."

Chipindacho chinali kuseri kwa nsalu yakuda, chopapatiza ngati bafa, chonunkha mankhwala, ndi babu limodzi lofiira. Mmenemo ndinaphunzira kuti chithunzi chimayamba ngati negetivu, kapulasitiki kopyapyala komwe zonse zimakhala zotembenuka: nkhope yakuda imaoneka yoyera, malaya oyera amaoneka akuda. Kapulasitikiko umakaika m'makina okulitsira, kuwala kumadutsamo n'kugwera pa pepala, pepalalo umaliviika m'mankhwala, kenako munthu amatuluka pang'onopang'ono ngati akuvuuka m'madzi. Wotchi tinalibe. Ba Twaibu ankayeza nthawi ya kuwala ndi mikanda yawo yopempherera, ine ndinkagunda phazi pansi. Ukafulumira chithunzi chimatuwa, ukachedwa chimapsa. Kumeneko ndiye kunali kusukulu kwanga kwenikweni, chifukwa pepala silimva kukalipa.

Zinali zaka za kusowa. Anthu ankaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira, ife tinkaima pamzere wa mapepala ndi mafilimu, ndipo nthawi zina tinkabwerako chimanjamanja miyezi iwiri. Pepala limodzi tinkalidula panayi. Mankhwala tinkawagwiritsa ntchito mpaka atachita ngati tiyi wadzulo. Apa m'pamene panachokera lamulo la ba Twaibu lomwe ndinalimeza ngati lemba: "Pepala ndi la kasitomala. Ife eni nyumba tikhale m'negetivu, sitithawa."

Ndipo negetivu sinkatayidwa, ngakhale ya khanda lolira. Kasitomala ankatenga chithunzi chake, negetivu inkatsala, n'kulowa m'envulopu, envulopu m'tini la bisiketi, tini pa alumali m'kachipinda kouma kotsatana ndi kamdima. Matini anali ndi madera ake: a Matero, a George, a Chunga, a Lilanda. Pa envulopu mdala sankalemba dzina lokha. Ankalemba ndi zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira ku madarasa, zinthu monga "mkazi wa wowotcherera, kuseri kwa tchalitchi" kapena "wa njinga yopanda mabuleki". Zilembozo sindinazidziwe mpaka lero. Ine ndinkakweza negetivu pawindo n'kumzindikira munthu ali chotembenuka choncho, ndipo pofika chaka chachitatu mdala ankandiitana kuti ndimuthandize iyeyo.

1988 mpaka 1991

Amayi anu, Esinati, anabwera ngati kasitomala, akufuna chithunzi cha chitupa. Anali atangofika kuchokera ku Katete, akukhala ndi azakhali awo ku George. Ndinawauza kuti choyamba chalakwika, abwerenso mawa. Mawa lake ndinanenanso chimodzimodzi. Tsiku lachitatu anaima pakhomo osalowa.

"Imwe ba kopa-kopa, kamera yanu ndiye idwala olo ndimwe?"

Ba Twaibu anamva ali kuseri. Madzulo anandiuza kuti filimu ndi yodula kuposa mawu, ngati ndili ndi nkhani ndikapereke kwa azakhali ake ngati munthu. Anandibwereka jekete yawo.

Onse pamodzi manegetivu a amayi anu analipo khumi ndi awiri: atatu a chitupa aja, asanu ndi limodzi a ukwati, ndi atatu atanyamula iwe Aroni uli ndi miyezi inayi. Pa onsewo ndinatsukira nyumba yathu chimodzi chokha, cha ukwati, chomwe chinkapachikika pakhoma kunyumba kwathu ku George. Enawo anali m'tini lofiira lomwe mdala ankati la a m'nyumba, momwe munalinso a banja lake. Esinati ankandikumbutsa. "Banthu bonse mubasukira, ise liti?" Ine ndinkati mawa, pepala likapezeka. Pepala linadzapezeka, mawa lija silinafike. Wojambula amaona ngati ali nacho kale chithunzi malinga negetivu ili m'tini. Kunyumba sindikanawasunga, chifukwa dzinja lililonse madzi ankalowa mpaka m'miyendo ya bedi, ndipo chinyezi chimadya negetivu ngati chiswe.

1992 mpaka 1995

Boma litasintha, malire anatseguka ndipo katundu anasefukira. Mzere wa mapepala unatha, tinasangalala mwezi umodzi. Kenako m'tauni munafika makina akuluakulu a zithunzi za kala, otulutsa filimu yonse munthu akudya chipisi panja. Anyamata ochotsedwa ntchito m'makampani anagula timakamera totchipa n'kumayenda nato m'makomboni, khomo ndi khomo, madzulo n'kukwera minibasi kukatsukitsa m'tauni. Maukwati anatichokera, maphwando anatichokera. Ndani akanafuna chithunzi chakuda ndi choyera pamene diresi lake lofiira likhoza kuoneka lofiira? Masitudiyo awiri a pafupi nafe anatseka, ina inasanduka shabini.

Ife sitinatseke, ndipo chimene chinatisunga ndi chomvetsa chisoni. Zinali zaka zimene matenda aja ankatenga anthu a msinkhu wanga sabata ndi sabata. Banja likafedwa limafuna chithunzi chachikulu choti mwana anyamule patsogolo pa bokosi, ndipo silifuna cha munthu atawonda pa mphasa. Limafuna cha nthawi imene anali ndi masaya. Chithunzi chotero makina a m'tauni analibe, ngakhale akanakhala aakulu ngati basi. Chinali m'matini athu.

Ndimakumbukira mayi wina wa ku George amene anafika m'mawa atamanga chitenje m'chiuno, maso atatupa. Chaka sankachidziwa, risiti analibe.

"Bamuna banga banakopewa kuno kudala. Benze na tayi yobwereka, na ndeke kumbuyo."

Nsalu yoimika kumbuyo kwa kasitomala yojambulidwa ndege tinaigwiritsa ntchito zaka ziwiri zokha mbewa zisanaidye, ndiye ndinadziwa matini oyambira. Ndinamufunsa ngati mwamunayo anali ndi chipsera pachipumi, chifukwa mayiyo ndinkamuona kale akugulitsa makala ndi bambo wotero. Anagwedeza mutu movomera. Tiyi wa mdala asanazizire ndinali nditaipeza negetivuyo. Nditatulutsa chithunzi chili chonyowa, mayi uja anakhala pansi pa simenti, osalira, akungochiyang'ana. "Ndiye beve," anatero. "Banali so."

Tsiku limenelo ba Twaibu ananena mawu amene ndawaganizira moyo wanga wonse. Akuluakulu ena a ku mzikiti ankawadzudzula chifukwa cha ntchito ya zithunzi, ndipo kwawo maliro sayenda ndi chithunzi, komabe iwo ankati munthu wofedwa sumufunsa chipembedzo. "Yotamu mwanawe, makina aliyense wa ndalama akhoza kugula mawa, ndipo wa ndalama zambiri adzagula oposa. Koma zaka makumi awiri za nkhope za anthu a kuno palibe sitolo imene imagulitsa. Matiniwa opanda iwe ndi zinyalala, iwe wopanda matiniwa ndiwe wankhonya chabe. Muzisungana."

M'dzinja la 1995 kolera inalowa ku George. Amayi anu anayamba kudwala Lachiwiri m'mawa, Lachitatu anali atapita. Iwe Naomi unali ndi zaka ziwiri. Maliro a kolera sachedwa ndipo saonetsa nkhope. Anthu a zaumoyo anakulunga thupi ife titaima patali. Patapita masiku, abale a ku Katete anatenga makina osokera, mapoto, ndi chithunzi cha pakhoma chija. Sindinalimbane nawo, chinthu chachilendo kwa ine, chifukwa mumtima ndinkati manegetivu ndili nawo. Ndinadzamva kuti chithunzicho chinanyowa m'nyumba ya udzu n'kumatirira pagalasi. Kawiri konse ndinatsegula tini lofiira, kuika negetivu m'makina, pepala lili m'manja. Koma kuganiza kuti Esinati avuuka m'mbale ya mankhwala, pang'onopang'ono, pansi pa babu lofiira, ine ndili ndekha, kunkandilepheretsa. Ndinkabwezera. Ndinkati ana akakula tidzatsukira limodzi.

1997

Ba Twaibu anagwa ndi sitiroko patatha chaka amayi anu atamwalira, ndipo anamwalira asanalankhulenso. Situdiyo inatsala m'manja mwa Jafali. Ine ndi Jafali tinali a msinkhu umodzi, tinkadyera mbale imodzi tili anyamata, koma iye chipinda chamdima ankadana nacho, ankati chimamununkhitsa zovala. Malire atatseguka anayamba kupita ku Joni kukatenga nsapato ndi mawailesi, ndipo anabwerako ndi mimba ndi chikwama cha m'manja. Sindinena kuti anali chitsiru. Ankaona zimene aliyense ankaona, kuti dziko lapita ku kala. Anapeza makina akale a zithunzi za kala ogulitsidwa kumeneko, ndipo ankafuna malo owaika ndi ndalama zowabweretsera. Malo ake anali kachipinda ka matini.

"Iwe Yotamu, ivi vakudala vizachoka. Pali mudala wina ku Chunga agula mafilimu yakuda, achosamo siliva."

"Ivo vakudala ndiye vikudyesa. Mashini yako ku tauni ziliko zisanu, zikulu kuchila iyo. Aya matini yali na ise teka."

"Ufuna nizidyera pa malilo mpaka liti? Ni situdiyo iyi olo ni mochale?"

Tinakangana masabata atatu, tsiku lina mpaka makasitomala anatuluka. Pomaliza ndinadzichepetsa, ndinamutchula ba bosi, ndinamupempha kuti ngati malo ndiwo vuto andipatse matiniwo. Mpongozi wa amalume anali ndi nyumba youma ku Lilanda. Anthu akafuna chithunzi chakale ndizikatenga negetivu kumeneko, phindu likhale la situdiyo. Jafali anaseka n'kundigwira paphewa. "Basi, yatha. Pa Satade ubwele na wilibala utenge vonse. Nakulonjeza." Ndinamukumbutsa za tini lofiira, kuti muli Esinati. Anati akudziwa.

Lachisanu m'mawa anandituma kukajambula ana a sukulu ina ku George, kalasi ndi kalasi, ntchito ya tsiku lonse. Ndinabwerera dzuwa litapendeka. Alumali anali mbee, pa matabwa patangotsala mabwalo oyera m'fumbi pomwe pankakhala matini. Jafali kunalibe. Mayi wogulitsa vitumbuwa pakhomo ndiye anandiuza kuti kunabwera vani ndi sikelo nthawi ya m'mawa, ine nditangokhota pa kona.

Ndinathamanga mpaka ku Chunga, mbali ina pa minibasi, mbali ina wapansi, ndikufunsa anthu otola zinthu kumtaya. Anandilozera mpanda wa malata. M'katimo munali migolo itatu pamoto, ndi bambo wina atakulunga manja ndi nsanza akuvundula ndi thabwa. Amaviika mafilimu m'madzi otentha a soda, chakuda chonse chimasupuka n'kukhala matope pansi pa mgolo, ndipo m'matopemo ndimo muli siliva. Moto anasonkhezera ndi maenvulopu athu. Ndinaona zilembo za mdala zikupindika m'malawi. Matini anali mulu pambali, opanda kanthu, lofiira lili pakati pawo. Mapulasitiki otsukidwa anawamwaza pansi kuti aume, ndipo mphepo inkawaunjika ku mpanda. Ndinagwada n'kuyamba kuwakweza kudzuwa, limodzi limodzi, monga ndinkachitira pawindo. Onse anali oyera ngati galasi. Bambo uja anandifunsa ngati ndataya kanthu. Sindikumbukira chimene ndinamuyankha.

Loweruka m'mawa ndinapita ku situdiyo. Ndikulemba izi kuti mudziwe atate anu mmene analili. Ndinalowa, ndinamasula mwendo wachitsulo wa choimikira kamera, ndinaima nawo kumbuyo kwa Jafali ali pa kauntala akulemba. Anatembenuka, anauona, nkhope inatuwa.

"Yotamu, mvela. Uja mudala anabwela na vani, anakana kuyembekeza. Tini yako ninaibala, zoona."

Ndikanamumenya kamodzi kokha. Mkono unali utakwera kale. Chimene chinaugwira si chifundo ayi. Ndinaona m'maganizo iwe Aroni ukumuphikira Naomi phala wekha, wa zaka zisanu ndi zitatu, amayi kumanda, atate kundende. Ndinatsitsa chitsulocho pa kauntala mwakachetechete, ndinalowa m'chipinda chamdima, ndinatenga kambaniro kanga kotolera mapepala m'mankhwala, ndinatuluka. Ine amene ndinkatukwana munthu chifukwa chondiponda phazi, tsiku limenelo pakamwa panauma, ndipo panakhala pouma zaka zinayi. Ndikamuona pamsewu ndinkawoloka.

Kalingalinga, 2001

Ndinapeza ntchito pa imodzi ya malabu otsuka zithunzi za kala a m'tauni aja, komwe ndinakhala mpaka kupuma. Ntchito yake inali kudyetsa makina filimu ndi kudina mabatani. Zithunzi zinkatuluka mazanamazana, za anthu amene sindinkawadziwa, ndipo manegetivu ankapita ndi eni ake n'kukatayika m'madirowa. Tinasamukira ku Kalingalinga kuti ndiziyandikira, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa opala matabwa.

Za Jafali ndinkamva kwa anthu. Makina ake anafika, anachita phwando, anaika chikwangwani chowala. Koma makina otere amafuna mafilimu ambiri tsiku lililonse kuti mankhwala asaole, ndipo Matero yekha sakanawakhutitsa. Magetsi akathima pakati pa ntchito, filimu ya ukwati wa munthu inkapsera m'kati. Zithunzi zinayamba kutuluka zobiriwira, akwati ngati odwala. Kachitsulo kena katathyoka, kopezeka ku Joni kokha, makinawo anakhala chete miyezi, kenako mpaka kalekale. Ojambula oyenda anabwerera ku tauni komwe kunali kotchipa. Ofedwa okha ndiwo sanaleke kubwera, akufunsa ba Yotamu ndi matini, n'kumabwerera manja ali m'khosi.

Jafali anafika kwathu Lamlungu masana, ine ndikukhoma chidendene cha nsapato yako ya sukulu, Naomi, pakhonde. Iwe unali kuseri ukutsuka mbale. Anali ataonda, chikwama chija palibe. Ndinamupatsa mpando chifukwa mlendo ndi mlendo. Anafunsa za ana, anadandaula za kutentha, kenako anafika pa chimene anadzera.

"Ba Yotamu, ninalakwa. Mudala anali kuziba vamene anali kuchita, ine sininamvele. Manje nifuna tiyambe futi. Kamdima kakaliko, mashini yokulisila ikaliko. Banthu bafuna imwe, sibafuna ine. Tizagabana pakati."

"Tiyambe na chani?"

"Tizayamba kusunga manje. Pang'ono pang'ono yazazula futi."

Mwina ankanena zoona, mwina zaka makumi awiri zina zikanadzaza alumali. Ndinayang'ana manja ake, ofewa, opanda banga la mankhwala ngakhale limodzi. Ukali umene ndinkauyembekezera zaka zonsezo sunabwere. Chimene chinabwera ndi chinthu chimene ndinali ndisanauze munthu aliyense, ngakhale abusa, ndipo inu ana anga mukuchimva lero koyamba. Ndinaika hamala pansi. Sindinalankhule chitauni chimene tinkalankhulana tili anyamata. Ndinalankhula Chichewa cha atate ake, pang'onopang'ono, kuti amve liwu lililonse.

"A Jafali, mukumva mbale zikulira kuseriko? Ndi mwana wa Esinati ameneyo. Sabata yatha anandifunsa ngati amayi ake anali ndi mpata m'mano ngati wakewo. Ine amene ndinkazindikira Matero yense ali chotembenuka, ndinatseka maso kuti ndimuone mkazi wanga, ndipo sanabwere. Sindikudziwanso. Ndinamunamiza mwana kuti ndikuchedwa ku ntchito. Ndiye za situdiyo zisiyeni. Nyamukani, zungulirani kuseriko, mukamuyankhe inuyo."